Mbale ya Amalume

Usiku wonse mbale yagona m'kabati yofunda
pamene kunja chisanu cha Juni chimatsika m'phiri la Dedza
n'kulowa m'masokosi a alonda a pageti.
M'mawa uno ndaivundukula.
Pachivundikiro pali nambala chabe, koma mwendo wake ndikuudziwa:
ndi wa amalume anga, a Zefaniya a ku Bembeke,
amene khasu linawaluma pakakolo m'dimba la kachewere
masabata asanu apitawo.

Dzulo ndinapaka mafinya awo pambale iyi
monga amafesera tomato panazale,
ndipo zamera, kuposa mbewu iliyonse imene iwo anabzalapo.
Pamwamba ndinaika timapepala tisanu tonga mabatani a malaya,
kalikonse ndi mankhwala ake.
Kamene kali ndi mphamvu kamadzilambulira bwalo,
tizilombo n'kuima patali ngati ana oonerera njoka.
Ntchito yanga ndi kuyeza bwalolo ndi lula.

Penisilini: bwalo palibe.
Tamera mpaka kukatsamira kapepala.
Ameneyu ndi mdzukulu wa chuku,
chomwechi chimatitayitsa buledi.
Kale ankangotsokomola, mafinya n'kuuma.
Lero ali ngati galu wokalamba
amene nkhuku zimadya naye m'mbale.

Bakitilimu, wobadwira m'fakitale, wopanda make m'nthaka:
kabwalo kake n'kosakwana kuimapo nyerere.

Kumene tinaphunzirira tizilomboti ndikukudziwa.
Sukulu yake inali pa Lizulu, tsiku la msika,
patebulo la mnyamata wogulitsa mabatire, zingano ndi makapisozi.
Amalume anagula anayi okha
poti ndalama inathera ku feteleza.
Mmodzi anameza, wina anang'amba n'kuwaza pabala.
Ululu utagona, awiri otsalawo
anasungunulira nkhuku zosinza.
Azakhali anapakapo uchi,
ndipo uchi unayesetsa, unayeretsa pamwamba,
koma nkhondo inali itasamukira pansi.
Tofooka tinafa.
Totsala tinaloweza nkhope ya mdani n'kuuza ana.

Sindiwaloza chala.
Minibasi yobwera kuno imadya ndowa ya mbatata.
Ndipo inenso, ndi satifiketi yanga yopachika pakhoma,
ndinasiyapo mankhwala tsiku lachitatu
chifukwa kukhosi kunali kutaleka kuwawa.

Kachitatu: palibe.
Kachinayi: palibe.

Ndavula magalasi, ndapukuta ndi gawuni, ndavalanso.

Kachisanu ndi jentamaisini,
amene anthu anabwereka kwa tamoyo ta m'dothi,
dothi longa lomwelo linalowa m'bala ndi khasu.
Bwalo loyera, losesedwa, ngati akudikira alendo.
Ndaika lula kawiri poopa kuti maso andinamiza.
Mamilimita makumi awiri.

Ndaimbira a Kaphuka ku famase.
Ayankha akutafuna chinangwa:
katoni yatsala imodzi, galimoto ya ku Lilongwe sinabwere,
koma ya munthu mmodzi ikwana.
Sindinawauze kuti munthuyo anandigulira yunifomu ya Fomu Wanu.

Ku wodi ya abambo ndawapeza atafunda bulangete mpaka m'khosi,
mwendo wokha uli panja, wonyezimira ngati biringanya.
"Edinesi, adula?"
Ayi, sadula. Jakisoni masiku asanu ndi awiri,
ndipo mumaliza, ngakhale mutayamba kuvina lachitatu.
Aseka pang'ono, kenako ayang'ana kudenga.
"Nanga kachewere athirira ndani?"
Funso limenelo lula yanga siyeza.

Ndabwerera ku labu, ndaponya mbale yawo mumphika wa nthunzi
kuti ophunzira aja afe ndi nzeru zawo.
Pashelefu pali mbale ina.
Ndi ya khanda la masiku anayi, la ku Linthipe,
dzina silinapatsidwe, alemba la make.
Silinagulepo kanthu pamsika uliwonse.
Ndasamba m'manja, madzi akuluma ndi kuzizira.
Ndatenga lula.
Chivundikiro ndikutsegula pang'onopang'ono.