Tochi Yofiira

Ndinachotsa minibasi pamsewu sabata yathunthu,
ngongole ya kubanki ikundiyang'ana.
Ndinati basi, ana anga sanaonepo
komwe unagwera mchombo wanga.
Tinachoka ku Chaguanas kusanache,
Indrani atafungatira dengu la roti,
Kezia ali pawindo kuwerenga makhota a msewu wa ku Toco,
Tobias atasanzira kale kawiri
malaya atsopano.

Tsiku loyamba linatha ndi mchenga.
Unalowa m'makutu, m'buledi, m'kachikwama ka ndalama.
Lachiwiri tinakwera phiri kukafuna mbalame,
kulipira pamutu pamutu,
n'kungoona nthenga imodzi ndi nkhanu
imene Tobias anaipatsa dzina la aphunzitsi ake.
Indrani anati ndalama imeneyi
bwenzi titakonzetsera firiji.

Usiku wachitatu anati tizimitse mafoni.
Wotiperekeza anatulukira ndi tochi yofiira,
mutu uli mbuu, mwendo umodzi akukoka.
Kukokako ndinakudziwa ndisanaone nkhope.
Lennox.
Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana.
Anati, Dzitsatani pambuyo, osathamanga,
ngati akuuza mlendo wotsika ndege dzulo.

Kenaka nyanja inalavula mwala wakuda.
Mwalawo unapuma. Phuu.
Unadzikoka, kupuma, kudzikokanso,
kamba wamkulu ngati tebulo la paukwati,
msana wachikopa wa mizere isanu ndi iwiri.
Anakumba ndi miyendo yakumbuyo
mofatsa, ngati namwino wosafuna kudzutsa wodwala,
mazira n'kuyamba kugwa,
awiri, atatu, awiri, onyowa, oyera mbee.

Kezia anandikoka chala.
Adadi, akulira.
Lennox anati, Ndi mchere chabe, mwanawe,
amautulutsira m'maso.
Adadi, inu munamuonapo muli mwana?

Mafunde anayamba andiyankhira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Amalume anagwira chikwanje, ine nyali,
Lennox chidebe.
Tinadya masiku anayi, ife ndi nyumba zoyandikana,
mafuta akuyenderera mpaka m'zigongono,
ndipo palibe amene anati ndi tchimo.
Inali ndiwo, nsomba zitavuta.
Koma kupuma kuja ndinakumva usiku umenewonso,
phuu yemweyu,
ndipo nyali sinanjenjemere m'dzanja langa.
N'chimene chimandiluma mpaka lero:
sinanjenjemere.

Ndinamuonapo, ndinatero.
Kamodzi.

Lennox anagwada, nayeza msanawo ndi tepi,
nalemba nambala m'kabuku konyowa.
Podzuka bondo lake linalira.
Ndinamugwira mkono.
Sanakane, sanathokoze,
anangotsamira pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

M'mawa kunali miimba.
Inandanda pagombe ngati obwerera chakudya pamaliro,
ndipo pakati pa miyendo yawo
tiana ta chisa china tikupalasa kulunjika kumadzi,
kalikonse kosadzaza chikhatho cha Tobias.
Kamodzi kananyamulidwa tikuona.
Tobias anavula patapata,
kabudula akutsikira m'mawondo,
nathamangitsa mbalamezo akukuwa mawu
osayenera kutuluka pakamwa pa mwana wa zaka zinayi.
Indrani ananditembenukira, osanena kanthu.
Inde, anawamva m'minibasi.

Tinawerenga timene tinakafika: khumi ndi tinayi.
Kezia akuti khumi ndi tisanu,
kena funde linakabisa ine ndikuphethira.
Sindinatsutse.
Ndani ine kuti ndichotsepo kena?

Pobwerera onse anagona tisanadutse Sans Souci,
milomo yosweka ndi mchere, mapewa akusupuka.
Patapata imodzi inatsala ku Grande Rivière.
Firiji ikadali yakufa.
Mchenga ukadali pansi pa mipando,
okwera akudandaula kuti ukuwalowa m'nsapato,
ine ndimati ndisesa Loweruka.
Lapita Loweruka lachitatu.