Amisiri Ogontha

Bambo anga, a Lefteri, amadzuka folo koloko,
tulo tisanathe, zala zitawadzutsa.
Ndimawamva kuseri kwa khoma, m'nyumba yathu ya ku Marrickville,
akulimbana ndi batani limodzi la malaya,
kabatani kochepa ngati njere ya ndimu,
munthu amene anayala matailosi m'mabafa a theka la Sydney
mzere osakhota ngakhale pang'ono.
Lero dzanja lapindika ngati la nkhanu.

Ola limenelo ndimalidziwa.
Tizipewa tiwiri tokhala pamwamba pa impso
timaumira kotizolo usiku,
ndiye nyamakazi imapeza chitseko chili pululu,
n'kulowa, n'kusonkha moto molumikizana mafupa.
Pofika mbandakucha homoniyo ikubwerera,
koma nyumba yadzaza kale utsi.

Sitima ya seveni imanditula ku labotale.
Ndimavala magolovesi, ndimatsegula makola.
Mbewa makumi awiri ndi zinayi, mizere iwiri,
zonse tinazibaya nthenda imodzi Lolemba.
Mzere wa kumanja tinautseka makutu:
maselo ake omanga fupa,
amisiri aja osagona,
samva homoni ikamayitana.

Tonse tinkadziwa chimene chichitike.
Ukachotsa wozimitsa moto, denga limapsa.
Profesa Halloran anali atajambula kale mzere wokwera pa bolodi.

Ndinagwira kamwendo ka nambala sikisi, yakumva bwino,
kakolo ali tutumu, wofiira, wotentha pa chala changa.
Ndinalemba.
Ndinagwira ka nambala fotini, yogontha.
Kowonda. Kozizira. Kakundipalasa mwamphamvu.
Ndinati chipangizo chalakwa, ndinabwereka china.
Katatu.
Fifitini chimodzimodzi. Sikisitini chimodzimodzi.
Khofi wanga anazizira pawindo.

Halloran anabwera, anavula magalasi, anawapukuta,
anangoti: yezanso mawa.
Potuluka anafufuta mzere uja ndi chigongono.

Ndiye mawu amodzi, makutu awiri?
M'magazi homoni imati: zima.
Nanga fupa limamva chiyani?
Mwina mmisiri akamva dzina lake amakuwa,
mkuwo n'kudzutsa ogumula,
aja amadya khoma ndi asidi, pang'onopang'ono,
n'kuyitana asilikali a thupi adzamenye kwawo komwe.
Mwina. Pa galasi la maikulosikopu
ndimangoona timadontho tofiirira tili ndii m'mphepete mwa fupa,
sitiyankha mafunso.

Ndipo ndimaganiza za kabotolo ka pa shelefu ya kukhitchini,
timapiritsi toyera, mlongo wake wa homoni yomweyi.
Timawabwezera bambo zala pofika teni koloko,
amatha kugwira supuni, kusenda lalanje, kutukwana wailesi.
Koma chithunzi cha chiuno chawo chaka chatha
chinaoneka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete.
Ngongole ya m'mawa amalipira ndi fupa.

Madzulo ndinabwera nacho choyezera chija m'thumba, mwangozi.
Anachitenga, anachitsegula, anachitseka,
anati chitsulo chabwino ichi, cha ku Jeremani.
Anayesa kuyeza mfundo ya chala chawo
koma dzanja linalo linakana kugwira.
Ndinawayeza ine. Sindinatchule nambala.

Mbewa zako zachira?
Zina, ndinatero.
Ziti?
Zosamva.

Anaseka mpaka kutsokomola.
Mayi ako anandinena zaka makumi anayi kuti sindimva,
taona phindu lake, palibe.

Sindinawauze kuti mbewa si munthu,
kuti pakati pa khola langa ndi dzanja lawo
pali zaka zimene mwina alibe.
Ndinangotenga malaya awo a mawa,
ndinamanga mabatani onse kupatula awiri a pakhosi,
kuti folo koloko akangowavala chodutsa pamutu,
ndipo ine, kuseri kwa khoma,
ndimve chete.