Msampha wa mu Ndowe

Nkhosa yodwala ndimaidziwa poipinda chikope.
Chikafiira ngati mkati mwa chivwende, ndimaisiya ipite.
Chikayera ngati chigoba cha dzira,
ndiye kuti njoka za m'mimba zamwa kale gawo lawo,
ife tangotsala ndi kuwerenga masiku.

Chaka chija, kuno ku Arapey,
ndinakwirira makumi anayi ndi ziwiri kuseri kwa shedi yometera ubweya,
zina zitatupa kukhosi ngati zameza botolo.
Mankhwala oyera tinamwetsa. Achikasu tinamwetsa.
Aja odula a m'chigubu chabuluu,
amene abwana anagulitsira ng'ombe ziwiri,
njoka zinangowamwa ngati tiyi
n'kupitiriza kuikira mazira.

Ndiye kunabwera Maite Larrosa pa njinga yamoto,
jombo zake zosadziwa matope,
thumba la ufa wotuwa atalimangirira kumbuyo.
Akuti ndi chuku.
Ndinaseka mpaka galu wanga Tizón anauwa.
Chuku chomwechi, chimene amayi ankapala pa buledi ndi mpeni,
chimene chinadya chishalo cha malemu bambo
chaka chimene denga linadontha?

Iye sanaseke.
"Yodwala sichiichiza, Don Eusebio.
M'mimba chimangodutsa chili m'tulo.
Chimakadzukira kunja, mu ndowe,
momwe mazira a njoka amaswera,
tiana tisanakwere pa udzu kudikira pakamwa pena."

Madzulo anaika makina ake oonera tizilombo
pa tebulo la kukhitchini, pakati pa ketulo ndi chikho cha mate,
nandiuza nditsinzine diso limodzi.
Poyamba ndinangoona nsidze zanga.
Kenako kamphutsi, kowala ngati ulusi wagalasi,
kakupalasa, kakupalasa,
ndipo patsogolo pake timizu toyera titalukana ukonde.
Kanalowetsa mutu.
Kanadzipotokola, kanadzimenyetsa, kanayesa chambuyo,
ukonde uli chete, sukuthamangira kanthu.
Ketulo inawira mpaka kuuma ine ndili chiweramire.

Zaka makumi atatu ndatchera nkhandwe pa mpanda uwu
koma mfundo yotero sindinamangepo.

Ntchito yake njosatamandika.
M'mawa uliwonse, kusanache, kapu imodzi ya ufa m'madeya,
kusakaniza ndi dzanja mpaka m'chigongono,
kuthira m'zodyera,
kukankha zadyera kuti zamanyazi zilaweko.
Ukadumpha masiku, msipu umakumbukira.
Ilipo ina yodukadzino imene inakana sabata yathunthu,
ikundiyang'ana ngati ndaithira mchenga m'mbale.

Mu Epulo zinafabe zisanu.
Ndinamuimbira Maite nditapsa mtima,
iye n'kuti, "Nanga chaka chatha?"
Foni ndinadula.
Ndinaimbanso mawa lake kufunsa ngati thumba lina lilipo.

Abwana amawerenga mtengo wa thumbalo akugwedeza mutu,
pensulo ili kukhutu.
Sindikudziwa ngati chaka chamawa adzagula.
Maite anasamukira ku Tacuarembó,
akuti kumeneko nkhosa zikuyeranso zikope.

Ine ndikadali pano.
Nkhungu ikatsika pa mtsinje m'bandakucha
ndimatuluka pa hatchi, mame akunyowetsa ziboda,
ana ankhosa akudumpha popanda chifukwa.
Ndimatsika, ndigwire mmodzi, ndipinde chikope:
chivwende.
Wina: chivwende chosapsa bwino, koma chivwende.

Ndipo pobwerera, taonani nkhalamba,
ine amene ndinkaponda paliponse,
ndikulambalala timilu ta ndowe
ngati munthu wodutsa pakhomo pomwe ena akugwira ntchito.
Tizón amandiyang'ana, osamvetsa.
Ndikanamuuza, koma nanenso ndinaona kamodzi kokha,
ndi diso limodzi.