Mizere Isanu ndi Umodzi

Fomu yafika Lachiwiri, yopindika pakati,
m'chikwama cha aphunzitsi a Fombe.
Ili ndi mizere isanu ndi umodzi yopanda kanthu
ndipo pamwamba alembapo kuti: sankhani.

Ndakhala nayo pansi pa mtengo wa masawu,
dzuwa la Bangula likufewetsa phula pamsewu.
Chala changa chasiya kale chidindo cha thukuta pakona.

Bambo akuti unamwino.
Anena ali chigonere pamkeka, msana utakana kuwongoka,
zaka khumi ndi zinayi akudula nzimbe ku Nchalo,
mwaye wa minda yootchedwa udakali m'zikhadabo.
"Namwino sagona ndi njala, Nyadani.
Matenda satha m'chigwa muno."

Malume Zuze akuti ulimi wothirira,
poti madzi tili nawo ambiri
mpaka amatipeza kuchipinda.
Aseka okha.

Amayi akusenda nyika m'lichero,
maso ali pampeni.

Ine ndikukumbuka chaka chimene Ruo anasiya njira yake,
tikugona mabanja makumi atatu m'kalasi imodzi.
Ogawa ufa anafuna wodziwa kulemba msanga.
Ndinakhala pa desiki: dzina, mudzi, anthu angati.
Koma anthu sankathera pa dzina.
Mayi Chanaze anawonjezera mbuzi zisanu ndi ziwiri
ndi makina osokera amene anali asanamalize kulipira.
A Jofilisi anati usiku wonse anali mumtengo wa mango
mwana atam'mangirira kunthambi ndi malaya,
akum'tsina kuti asagone.
Pepala la ufa linalibe mzere wa zimenezo.
Ndinazilemba kumapeto kwa kope la masamu
mpaka zinakumana ndi masamuwo pakati.

Dzulo ndinaonetsa kopelo a Fombe.
Anawerenga ataimirira, choko chili kukhutu.
"Kulemba kokha kulibe ofesi, mwana iwe.
Utolankhani ulipo ku Blantyre,
koma mapointi ako ali pamalire.
Zilankhulo zili ku Zomba.
Uphunzitsi sukana munthu,
udzalemba usiku ukatha kuchonga."
Kenaka, akuyang'ana pazenera:
"Ine ndinali ndi makope atatu m'sutikesi.
Limodzi chiswe chinadya.
Awiriwo sinditsegula."

Ndiye ndawerengera ngati wogulitsa thonje pasikelo:
fizi, thiransipoti yokwera Thabwa,
ngongole ya boma imene mwina sindidzaipeza,
ang'ono anga atatu akudikira nsapato.
Mbali inayi ya sikelo
kuli kope limodzi lofufuma ndi chinyezi.
Sikelo yoona ikadagamula kale.

Ndayamba ndi pensulo, mzere wapansi.
Ulimi, wa malume.
Zamalonda, za aliyense.
Ndakwera pang'onopang'ono ngati lole yodzaza makala.
Wachitatu uphunzitsi.
Wachiwiri unamwino, ndalemba bwino, zilembo zonenepa.
Woyamba ndaufufuta kawiri
mpaka pepala layamba kuonekera.
Kachitatu ndatenga bolopeni.

Madzulo bambo aitana. "Tandiwerengera."
Magalasi awo anapita ndi madzi chaka chomwe chija,
ndikadatha kuyambira mzere wachiwiri
ndipo akadagona tulo tabwino.
Mpeni wa amayi waima.

"Poyamba," ndatero, "zilankhulo ndi zolembalemba."

Udzudzu wokha ndiwo ukuyankha.
Kutali ngolo ikubwera kuchokera kudimba,
gudumu limodzi likulira.
Bambo atembenuka movutika, ayang'ana kukhoma,
ndipo ndaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

"Zimenezo amalipira?"
"Sindikudziwa, bambo."
"Hm."

Amayi ayambanso kusenda.

Ndikupinda fomu potsata mzere wake wakale
pamene mawu atuluka kukhomako, osanditembenukira:
"Ukadzalemba za nzimbe,
usadzangoti n'zotsekemera.
Udzalembe kuti masamba ake amacheka ngati lumo,
ndi kuti timayamba nthawi ya nkhuku zoyamba.
Dzina langa ndi Alufandika.
Akapitawo ankalilemba molakwa chaka chilichonse."