Pochokera ku Vidiyo kwa Namakhwa

Loweruka titalandira ya masabata awiri
tinatsikira pa Chitakale, ine ndi Dayitoni,
zala zikununkhabe tiyi wamuwisi.
Kwa Namakhwa chitseko ndi thumba la feteleza,
benchi ndi thabwa losapala, limaluma thalauza.

Yoyamba inali ya zibakera.
Mkulu wina wadazi, khosi ngati chitsa cha bulugamu,
anamubera mwana, ndiye anakwiya maola awiri athunthu.
Ine ndinawerenga: anthu makumi anayi ndi atatu anagona chagada,
iye malaya osathothoka ndi batani lomwe.
Mfuti yake zipolopolo sizitha
ngati ngongole yanga ya kwa kapitawo.
Dayitoni akuti filimu koma imeneyo.
Ine ndikuti aise, bodza nalo likhale ndi malire:
galimoto yagubuduzika kanayi, yayaka moto,
munthu n'kutulukamo akukonza kolala?
Ine njinga inangondigwetsa pa mlatho wa Likhubula
ndinatsimphina mpaka mango anapsa.

Koma mwini filimu ndi womasulira uja.
Mzungu wangotsegula pakamwa kamodzi,
iye wamuyankhulitsa kale zakwathu:
"Unandidyera kalongonda wanga, lero undiona!"
Tonse phwete,
ndi mwana wakubayo tinamuiwala.

Yachiwiri inali yoopsa.
Banja lagula chinyumba chotchipa pakati pa nkhalango,
osafunsa n'komwe kuti eni ake anathawanji.
Usiku pansi pa nyumba china chake chikupuma.
Mayi watenga kandulo, yekhayekha, wosavala nsapato,
akutsika masitepe, akufunsa, "Kuli ndani?"
Kuli ndani!
Ukufuna chikuyankhe?
Mai Nakhumwa ogulitsa zitumbuwa pakhomo
anasiya beseni n'kukuwa, "Iwe mtsikana, bwerera!"
Sanamve. Anthu a m'mafilimu samva.
Ife mbale ikangogwa yokha kawiri
mawa lake tili kwa amalume ku Limbuli ndi mphasa pamutu.

Pomwe chinthucho chimati chionetse nkhope
jenereta inatsokomola, n'kuzima.
Mdima bii.
Wina kumbuyo anaitana amake, ndevu zili pepeya,
ndipo dzanja limene linandifinya bondo
ndikulidziwa, ngakhale mwini wake akukana mpaka lero.

Pobwerera tinadzera m'munda wa tiyi.
Chiperoni chatsika, tochi ya foni ikungothera pamapazi.
Dayitoni akuti zachibwana zija,
magazi aja ndi tomato, mano aja ndi pulasitiki,
koma akuyenda pakati penipeni pa njira
akung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene anaisiya kalekale.
Ndinamuseka. Nayenso anandiseka.
Tinakangana za wadazi uja,
ngati angathe kuthyola makilo makumi asanu dzuwa lisanapendeke.
Ndinati sangafike ndi pa sikelo,
msana ungamuthere mu mzere woyamba.

Kenako kuphiri kunagunda.
Osati kwambiri. Kamodzi, chapansipansi,
ngati lole yodutsa patali.
Madontho anayamba kugogoda masamba.

Nyimbo ija inaduka.
Tonse tinaima, makutu kumtunda,
kumvetsera ngati ndi mvula chabe
kapena ngati m'kati mwake muli miyala.
Chaka chija madzi anabwera usiku osagogoda,
opanda nyimbo yochenjeza ngati ya m'filimu,
ndipo pamene panali nyumba ya mlongo wake
pano pali mwala waukulu kuposa holo ya Namakhwa.
Anakumba masiku asanu ndi limodzi ndi khasu lobwereka.
Kamphwake sanakapeze.

Inali mvula chabe.
Tinayambanso kuyenda, nsapato zikulemera ndi dothi lofiira.
Pafupi ndi malayini, agalu atayamba kutizindikira,
Dayitoni anati, osandiyang'ana,
"Komabe ya wadazi ija ndi yabwino.
Mwana uja anam'peza."

Ndinati eya, ndi yabwino.
Loweruka likubwerali akabwereza
ndilipira ndine.