Lachisanu, Chipata Chisanatsekedwe

Khala apa, Kaliwo, ndizikumeta uku ndikukuuza.
Magetsi abwera teni koloko, sanatiuze apita liti,
ndiye tiyambire kumutu,
za kumapazi zibwera pambuyo.

Goloboyi wako uja, mchotse.
Masabata atatu tsopano akungotola mpira mu ukonde
ngati mwana wotola mango mphepo itadutsa.
Usamumvere chisoni.
Iye sadziwa n'komwe kuti ku Kawale kuno
kuli munthu dzina lake Kaliwo
amene amagona ndi njala ya mapointi
chifukwa cha manja ake obooka.

Weramitsa mutu pang'ono.

Wakutsogolo wodula uja akuti bondo likumuvuta.
Akuti!
Mawu amenewa andiphetsa kangati ine?
Mwezi watha akuti wadwala, ndinamugulitsa usiku,
Loweruka lake anamwetsa zitatu,
ine ndili pa mzere wa mafuta ku Biwi
ndi kachigubu ka jenereta,
wailesi ya wakabaza ikundiseka pamaso.
Choncho dikira. Mvera kaye za m'kamwa mwa kochi,
ngakhale naye ndi wabodza ngati kondakitala wa ku depoti
wokuwa kuti watsala mmodzi
minibasi ili yodzaza ndi mphepo.

Ukaputeni usapatse amene umamukonda.
Chikondi n'cha kunyumba.
Yang'ana amene akukumana nawo:
akakhala aja angokwera kumene,
a mpanda wa zidina zosawotcha,
mveke lamba mnyamatayo, ukagone tulo tako.

Ndipo benchi si dzala, mphwanga.
Amene wamutaya kumeneko ndi amene adzawale
tsiku limene iwe wavala shati yoyera
kupita ku vidiyo shoo kukadzitama.
Ndinaonapo mapointi khumi ndi asanu
atakhala pa benchi, miyendo atapiringiza,
akundiyang'ana.

Usatembenuke, ndingakucheke khutu.

Kusintha awiri pamene ulere ndi mmodzi,
imeneyo ndi katapila.
Mapointi anayi amapita lero,
phindu lake amati lidza mawa,
mawa lake ndikulidikirabe kuyambira Seputembala.

Ukufunsa kuti ine ndili pa nambala chani?
Tilipo makumi awiri ndi atatu mu ligi yathu,
aliyense anaponya faifi sauzande m'thumba la a Mtambalika.
Pansi panga pali awiri:
wina anamubera foni pa mlatho wopita ku msika wa Tsoka,
wina anasamukira ku Joni.
Usaseke, makina ali m'manja mwangamu.
Sing'anga sadzichiza yekha.

Pamwamba?
Suzumira pa windo.
Wamuona Ndaziona, m'kakhumbi kofiira kaja,
akuwerenga ndalama za eni ake ndi chala chonyowa?
Anasankha timu yake mu Ogasiti,
kutengera amene nkhope zawo zimaoneka zaulemu,
kenako anaiwala nambala yachinsinsi.
Sanagulepo. Sanagulitsepo.
Sadziwa kuti wakumbuyo wake wina anathyoka mwendo,
wina anapita kukasewera dziko lina.
Akutisiya ndi mapointi makumi asanu ndi limodzi.
Dzulo anandifunsa
ngati masewera aja anayamba.

Ine pano bandulo ndimathera ma tebulo,
usiku mkazi wanga amaona kuwala pansi pa bulangeti
n'kumaganiza kuti pali wina.
Alipodi, khumi ndi asanu,
ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wokhulupirika.

Nthawi ili bwanji? Tulutsa foni.
Atseka hafu pasiti wanu, kwatsala mphindi zinayi.
Goloboyi kunja. Lamba kwa wamtali uja.
Dina. Dinanso.
Kakuzungulira? Kwezera m'mwamba, cha ku malata,
netiweki imakonda pa ngodya apo.

Aa.
Magetsi apita.

Mutu wako watha mbali imodzi yokha, Kaliwo.
Bwera mawa, mpira usanayambe,
tidzamalize mbali inayo,
ndidzakuuzenso chifukwa chake
goloboyi uja sunayenera kumuchotsa.