Diso Lokwera Khoma

Lolemba m'mawa, chiperoni chitangoleka,
Tiyanjane anatsegula bokosi m'mbali mwa msewu wa Victoria
natulutsa kandege kolira ngati mavu.
Ine ndinaima poteropo, chipewa m'manja,
ine amene ndinalendewera pa khoma lomweli zaka makumi awiri,
chingwe m'chiuno, nyundo yaing'ono m'thumba.

Kanakwera osaponda makwerero.
Sikanayang'ane pansi, kalibe bondo loti linjenjemere.

Pa kompyuta khoma linabwera zidutswazidutswa,
mng'alu uliwonse utatsekeredwa m'kabokosi kofiira.
Akuti anakaphunzitsa ndi zithunzi zikwi zambiri:
uwu ndi mng'alu, ili ndi dzimbiri,
apa pulasitala watupa ndi mvula ya chaka chatha.
Komabe mchira wa buluzi kanautcha ngozi,
ndipo zitosi za nkhunda kanaziyesa simenti yoola.
Tinaseka mpaka wogulitsa mandasi anabwera kudzasuzumira.

Ine khoma ndinkalifunsa ndi nyundo.
Likati ngo, lili moyo.
Likati phu, mkati mwalowa madzi.
Kandegeka khutu kalibe, ndinamuuza mwanayo,
iye nati, ndiye chifukwa takuitanani, bambo Mpaweni.

Kenaka kanafika pansanjika yachisanu ndi chinayi,
kuseri kumene mphepo ya ku Ndirande imamenya,
ndipo kabokosi kofiira kanagwira timizere tiwiri
pansi pa windo, topindika, tosaya.
Chilema, kanatero. Pamatidwe msanga.

Ndinati, takuza pamenepo.

B ndi M.
Bitoni Makwinja anazilemba ndi msomali, simenti isanaume,
tikudya chinangwa chootcha miyendo ili m'malere,
Limbe akuoneka uko ngati mbale zoyanika.
Sabata yotsatira mfundo ya chingwe chake inamasuka.
Tinakamuika ku Chiradzulu mvula ikugwa,
kampani inatumiza thumba la ufa ndi galimoto.

Zaka zonsezi ndimadutsa pansi pano
osadziwa kuti dzina lake likadali m'mwamba,
likupsa ndi dzuwa, likumwa chiperoni.

Tiyanjane sanandifunse zambiri.
Anagwira kabokosiko ndi chala, nakafufuta,
nalemba mawu oti makinawo aphunzire:
ichi si chilema.

Kandege kanatsika batire itatha,
kanatera pa katoni pafupi ndi nsapato zanga, kakutentha.
Maminibasi anali akuitanira a ku Chilomoni.
Ndinakagwira pamsana pang'ono
monga tinkagwirirana paphewa munthu akatsika wamoyo.